Tinaritaya, nanga tikuyamika chiyani?

Mphunzitsi_Wapuma
Moni nonse a pagulu pano. Ndili ndi kafunso, mwina kopusa koma mundipirire. Lero ndadzuka cha m'ma 5 monga mwa masiku onse, thupi silinamvebe kuti ndinaritaya, ndiye ndinangokhala pakhonde kudikira kuti kuche. Ndili pomwepo ndinazindikira kuti ndi Lolemba, ndipo m'mimba mulibe kanthu kaja kamene kankandigwira kuyambira Lamlungu madzulo, kokumbutsa kuti mawa kuli makope 60 osachonga komanso ahedi akufuna masikimu. Zaka 34 ndakhala nako, lero kasowa. Ndinaseka ndekha mpaka mayi akunyumba anatuluka kudzaona ngati mutu wayamba kusokonekera. Ndiye ndati ndifunse inu amene munapuma, ndi tinthu titi timene mumayamika? Za moyo ndi ana tonse timayamika, zimenezo tisiye kaye. Ndikunena ting'onoting'ono timene munthu wapantchito sangatione n'komwe.

NamwinoWakale
Aphunzitsi funsoli si lopusa ayi. Ine ndi tulo basi. Ndagwira manaiti zaka zambiri, kubwera kunyumba dzuwa litatuluka, kutseka makatani n'kumanamiza thupi kuti ndi usiku pomwe ana a aneba akumenya mpira pansi pa windo. Panopa ndimagona kukada, kudzuka kukacha, ngati munthu. Mpaka lero ndikamazimitsa magetsi 9 koloko ndimati zikomo Ambuye.

Dalaivala_77
Kupita kuchimbudzi nthawi imene ndafuna. Musaseke, amene anayendetsapo galimoto ya mtunda wautali akundimva.

NamwinoWakale
Kkkk tikukumvani bambo, nafe kuwodi zinali chimodzimodzi.

Kalaliki_Wadzulo
Ine foni. Kale ikalira mtima unkayamba kugunda kuti ndi bwana akufuna lipoti. Pano ikalira ndi mdzukulu akufuna mayunitsi, apo ayi ndi wolakwitsa nambala, ndipo wolakwitsa nambalayo ndimacheza naye kaye.

Wosanyengerera
Pepani ine ndilankhula zina. Kuyamika n'kosavuta ngati ndalama zanu zinatuluka bwinobwino. Ine uno ndi mwezi wa 9 ndikuyendera penshoni yanga ku ofesi ina imene sinditchula dzina. Ulendo woyamba akuti fayilo sikuoneka, wachiwiri akuti dzina langa linalembedwa mosiyana pa mapepala awiri, chilembo chimodzi chokha, wachitatu akuti wosayina ali ku wekishopu. Ndinagwira ntchito zaka 31 osajomba, lero ndikupempha kwa ana amene ndinkawalipirira fizi. Ndiye mukamanena zokhala pakhonde, inenso pakhondepo ndimakhala, koma ndimakhala ndikuwerengera ngongole. Wokhuta asamaphunzitse wanjala kuyamika.

Mayi_WaPemphero
A Wosanyengerera, mwadzuka ndi moyo, mukupuma mpweya waulere. Anzathu angati amene tinayamba nawo ntchito sanafike n'komwe pa tsiku lotsanzikana? Yamikani basi.

Wosanyengerera
Mpweya waulere sagulira mankhwala a BP amayi.

Dalaivala_77
Apa nde anena zoona, tisawatseke pakamwa.

Mphunzitsi_Wapuma
Achimwene, sindinafunse kuti ndikutoneni ayi, ndipo zimene mukudutsamo ndi zopweteka, musalole wina akuuzeni kuti n'zazing'ono. Ine yanga inachedwa miyezi itatu yokha koma ndinaonda. Dandaulani, gulu ndi lanu ili.

Kalaliki_Wadzulo
A Wosanyengerera, ine ndakalambira m'mafayilo ndiye ndikuuzeni za kuseri kwa kauntala. Chilichonse chimene mwangouzidwa pakamwa, ku ofesi sichinachitike. Lembani kalata yaifupi, nambala yanu yapantchito pamwamba, tsiku limene munapuma, ndi zimene mukufuna. Pangani makope awiri, imodzi muwasiyire, inayo akudindireni chidindo cha tsikulo mubwere nayo kunyumba. Mapepala enieni musasiye, siyani mafotokope. Za chilembocho afunseni akuuzeni ndendende pepala limene akufuna, nthawi zambiri imakhala kalata yolumbira kuti mayina awiriwo ndi a munthu mmodzi, ndipo afunseni kuti ikasainidwe kuti. Ulendo uliwonse lembani m'kabuku tsiku ndi udindo wa amene mwalankhula naye. Fayilo imene mwini wake ali ndi kabuku sisochera kawiri, ndinaziona ndi maso angawa.

Wosanyengerera
Izi ndiye zothandiza. Za chidindozo sindinaziganize. Zikomo bambo.

Mayi_WaPemphero
Mwaona, mwayamika kale kkkk

MlangiziWapuma
Ndilowepo pang'ono, ndinali wa uphungu. Pali kusokoneza kumene ndimakuona kawirikawiri, anthu amaganiza kuti kuyamika ndi kunamizira kuti zonse zili bwino. Si choncho. Munthu atha kukwiyira penshoni m'mawa n'kuyamika mdzukulu masana, mtima uli ndi malo a zonse ziwiri. Mu 2003 akatswiri awiri a ku America, Robert Emmons ndi Michael McCullough, anasindikiza zotsatira za kafukufuku wawo. Anagawa anthu m'magulu, ena azilemba zinthu zisanu zimene akuyamika sabata iliyonse, ena zisanu zimene zawakwiyitsa, ena zochitika wamba, kwa masabata 10. Olemba zoyamika aja pamapeto ankaona moyo wawo bwinoko, ankadandaula zochepa za m'thupi, ndipo ankachita masewera olimbitsa thupi kuposa olemba zokwiyitsa. Sikuti mavuto awo anatha ayi, chinasintha ndi kumene maso amayang'ana.

Wosanyengerera
Amenewo anali ana asukulu okhuta, sankadikira fayilo.

MlangiziWapuma
Oyambawo analidi ophunzira a ku yunivesite, apo mwalasa. Koma kafukufuku wawo wachitatu anali wa anthu akuluakulu odwala matenda a minofu ndi mitsempha, matenda osachiritsika msanga, ndipo iwo atalemba zoyamika kwa masabata atatu ananena kuti akugona bwinoko. Sindikuti kabuku ka zoyamika katulutsa penshoni, katulutsa ndi kabuku ka a Kalaliki. Koma tulo mukufunika nato kuti mukathe kukangana nawo bwino ku ofesiko.

NyumbaNdiYanga
Inu mukuyamika, nanga ife akazi a oritaya atifunsa ndani? Zaka zonsezi ndinkapemphera kuti bambowa adzapume tidzakhale limodzi, eee walira mvula walira matope. Nyumba imene ndaiyendetsa ndekha zaka 30 lero yapeza manejala. Sabata yoyamba anasanja mabotolo a kukhitchini motsata alifabeti. Yachiwiri anandifunsa chifukwa chimene sopo amathera msanga, akufuna lipoti. Ndikatuluka, mukupita kuti, mubwera nthawi yanji, ngati ndikusaina m'buku la pageti. Sinditchula dzina koma ali pagulu pompano, akudziwa okha.

Dalaivala_77
A Kalaliki bwanji mwangoti zii?

Kalaliki_Wadzulo
Mabotolowo panopa akupezeka mosavuta. Sindiwonjezera.

NamwinoWakale
Kkkkkk ndafa ine. Koma amayi nenani chilungamo, palibe ngakhale kamodzi kamene mukuyamika?

NyumbaNdiYanga
Chilipo, koma musawauze. Madzulo timayenda limodzi kukazungulira, ndipo ndazindikira kuti munthuyu ndi woseketsa. Zaka zonse zija ankabwera atatopa, kudya, kugona, ndinaiwala kuti amene anandifunsira anali wanthabwala. Wabwerera. Kungoti wabwerera ndi alifabeti yake.

MwanaWachisamba
Pepani akuluakulu, ine sindinaritaye, ndinalowa pagulu pano chifukwa cha bambo anga. Anapuma chaka chatha, miyezi yoyamba anali osangalala zedi, anapenta nyumba, anayendera abale onse, amvekere ndikanadziwa ndikanapuma kalekale. Koma kuyambira mwezi wachisanu kapena wachisanu ndi chimodzi angosintha, amakhala pa mpando womwewo TV ili chiyatsire osaonera n'komwe, kusamba mpaka masana, ndipo tsiku lina anandiuza kuti foni yawo yatha masiku anayi osalira, anthu amene ankawatcha bwana onse ziii. Ndikawauza kuti adadi yamikani muli ndi nyumba muli ndi ife amangondiyang'ana. Ndiwathandize bwanji? Ndikamawerenga zanuzi ndikuchita nsanje.

MlangiziWapuma
Mwana wanga, choyamba siya kuwauza kuti ayamike, mawu amenewo kwa munthu wovutika mumtima amamveka ngati chidzudzulo. Zimene ukufotokozazi n'zodziwika. M'zaka za m'ma 1970 katswiri wina wa za ukalamba, Robert Atchley, anafotokoza kuti opuma ntchito ambiri amadutsa m'magawo, poyamba chisangalalo ngati cha ukwati watsopano, kenako kugwa mphwayi pamene zopenta zatha ndipo masiku ayamba kufanana, kenako munthu amayamba kupeza mayendedwe atsopano. Si onse amadutsa motero koma ambiri. Ntchito sikuti imangotipatsa malipiro, imatipatsa chifukwa chosambira m'mawa, anthu otipatsa moni, ndi dzina. Zitatu zonsezi zimachoka tsiku limodzi. Ndiye m'malo mowauza zoyamika, apatse chochita chimene chikufunadi iwowo, osati chongowapusitsa, amazindikira. Ngati anali a masamu, mwana wa aneba amene akulephera masamu abwere Lachiwiri ndi Lachinayi 3 koloko. Nthawi ikhale yoikika. Koma tamvera bwino apa, ngati sakudya, sakugona, akuonda, kapena ayamba kunena kuti kuli bwino kufa, usadikire magawo a Atchley, apite kuchipatala. Matenda a kukhumudwa ndi matenda enieni ndipo ali ndi chithandizo.

NamwinoWakale
Ndiwonjezere, akapita akayezetsenso shuga, BP ndi magazi. Nthawi zina kufooka kumene timati ndi maganizo kumakhala ndi gwero m'thupi. Ndipo makutu! Akuluakulu ambiri amasiya kucheza chifukwa sakumva bwino koma akuchita manyazi kunena.

Mphunzitsi_Wapuma
Za foni yosalirazo zinandipezanso ine. Ndinakhala ndikudikira kuti anzanga akusukulu andiimbira, kenako ndinadzifunsa kuti ine ndili pantchito ndinaimbira oritaya angati? Palibe ndi mmodzi yemwe. Ndiye ndinayamba kuimba ndine. Munthu mmodzi pa tsiku. Ena amadabwa, amaganiza ndikufuna ngongole.

MlangiziWapuma
Aphunzitsi mwachita zimene kafukufuku wa ku yunivesite ya Harvard ku America wakhala akupeza. Anayamba mu 1938 kutsata moyo wa anyamata mazana angapo mpaka kukalamba kwawo, ndipo chimene chinaoneka kuti chimasunga anthu athanzi ndi osangalala ndi ubale wabwino ndi anzawo, kuposa ndalama kapena udindo.

Wosanyengerera
Kuposa ndalama? Amene ananena zimenezo anali atalandira.

Dalaivala_77
Kkkk bambo awa sagonja. Koma funso langa, kodi anayambitsa zoritayazi ndani? Agogo anga anagwira ntchito mpaka tsiku lomwe anagona osadzuka, za penshoni sankazidziwa.

Kalaliki_Wadzulo
Penshoni ya boma ya anthu wamba ogwira ntchito inayamba ku Germany mu 1889, nthawi ya mtsogoleri wawo Otto von Bismarck. Koma ankalandira ukafika zaka 70, ndipo nthawi imeneyo ogwira ntchito ambiri sankafika pamenepo. Anadzatsitsa kufika 65 mu 1916. Ku America yawo inabwera mu 1935, nayonso pa 65.

Dalaivala_77
Ndiye mkuluyo anali wochenjera, kulonjeza chinthu podziwa kuti ambiri sadzabwera kudzatenga.

Mayi_WaPemphero
N'zimene ndimanena ine. Zaka zimene tikukhala titapumazi makolo athu ambiri sanazione. Mwina ndinalankhula mothamanga kwa a Wosanyengerera, pepani bambo, koma mfundo yanga inali imeneyi.

Dalaivala_77
Poti tasochera kale, a Namwino ndifunse. Chiritayireni mimba ikungokula, mawondo akulira ngati chitseko chakale. Mpando wa galimoto ndinausiya koma ndinangosamukira pa sofa.

NamwinoWakale
Bambo yendani. A WHO, bungwe la zaumoyo padziko lonse, amati munthu wamkulu azichita zolimbitsa thupi zosachepera mphindi 150 pa sabata, ndiye kuti mphindi 30 masiku asanu, kuyenda kofulumirako koti mukupuma mwamphamvu koma mukutha kulankhula. Kwa ife opitirira zaka 65 amawonjezera zolimbitsa miyendo ndi zothandiza kuti tisamadzandire, masiku atatu pa sabata, chifukwa kugwa ndi kumene kumagoneka okalamba ambiri. Yambani ndi mphindi 10 ngati mawondo akukana, ndipo kuimirira pa mpando n'kukhalanso kakhumi osagwira ndi manja kumathandiza. Mukamva kupweteka pachifuwa kapena chizungulire siyani mukaonane ndi dokotala. Nthawi muli nayo, chowiringula chija chakuti ndili pa ulendo chinatha.

Dalaivala_77
Chowiringula ndipeza china, ndipatseni sabata.

Gogo_WaMaluwa
Ndakhala ndikuwerenga chete kuyambira m'mawa, sindimakonda kulemba, zala zimachedwa. Koma funso la aphunzitsi landikhala pamtima. Ine ndinapuma zaka zisanu zapitazo. Mayi akunyumba anadwala patangotha chaka ndi theka, ndipo anatisiya chaka chachiwiri chitangokwana. Anthu amati tsoka, munangopuma n'kuferedwa. Ine ndimaona mwina. Masiku onse amene anagona m'chipatala ndinali pambali pa bedi, sindinalembe kalata yopempha tchuthi kwa munthu aliyense, sindinayang'ane wotchi. Akanadwala zaka zitatu m'mbuyo ndikanamabwera madzulo ndi chikwama m'manja, mphindi 40, n'kumapita. Ndipo chaka ndi theka chija asanadwale sitinachite chachikulu chilichonse, sitinapite kulikonse, tinkangothirira maluwa awo m'mawa, iwo akundikalipira kuti ndikuthira madzi ambiri. Nthawi imeneyo sindinkadziwa kuti ndi zimene ndidzakumbuke. Maluwawo alipobe, ndimathirira ndekha, mwina ndikuthirabe ambiri. Sindikunena kuti sizipweteka, madzulo nyumba imakula kwambiri. Koma mwafunsa chimene ndimayamika, ndi chimenecho, kuti ndinalipo.

NamwinoWakale
Agogo mwandiliza. Ndaona anthu ambiri akuthamangira kuwodi ndi yunifomu ya kuntchito, kufika mochedwa ndi mphindi zochepa. Mulungu akutonthozeni.

NyumbaNdiYanga
Pepani agogo. Ndawerenga kawiri. Za mabotolo zija ndazisiya, akhale momwe alili.

Mphunzitsi_Wapuma
Agogo zikomo polemba ngakhale zala zikuchedwa. Madzulo nyumba ikakula muzilemba pano, ambirife tulo timabwera mochedwa ndipo timadzuka nkhuku zisanalire, mupeza wina ali maso.

MwanaWachisamba
Ndawawerengera bambo zimene alemba a Dalaivala za chimbudzi, aseka koyamba sabata ino. Kenako ndawawerengera za a Kalaliki, akuti za chidindozo n'zoona koma a Kalaliki aiwala kunena kuti kalata ikhale ndi mutu wolembedwa mzere kunsi, anali a maakaunti iwowa. Ndawauza kuti alowe pagulu adzanene okha. Akuti aona. Zachipatala ndamva, tipita Lachinayi, ndawauza kuti ndi za BP kuti asakane.

Kalaliki_Wadzulo
Auzeni abwere, akunena zoona za mutuwo. Tikufunanso munthu wa maakaunti pano, a Wosanyengerera ndalama zawo zikatuluka pafunika wowerengera ngati zakwana, pamakhala zolakwika pa zaka zimene munthu wagwira.

MlangiziWapuma
Mwaona a Kalaliki, ntchito yofunadi iwowo yapezeka kale. Koma mwana wanga, mukafika kwa dokotala unene zonse, za mpando ndi za kusasamba, osati za BP zokha.

Wachinyamata_Mumtima
Ndachedwa kufika koma yanga nayi, kudwala mwaufulu. Chimfine chikandigwira ndimagona, basi. Palibe kupita kukafola kuti andilembere kapepala kokaonetsa bwana, palibe kuimba foni ndi mawu ofooketsa dala kuti akhulupirire. China, mvula ikamagwa m'mawa ndimaimvera padenga ndili m'bulangete. Zaka zonse zija mvula ya m'mawa inali mdani, nsapato zonyowa tsiku lonse, lero ndi nyimbo.

Dalaivala_77
Mawu ofooketsa dala kkkk tonse tinachitako, ngakhale a Mayi_WaPemphero.

Mayi_WaPemphero
Ine ayi. Kamodzi kokha.

Mphunzitsi_Wapuma
China chimene ndaona, pali kambalame kamene kamabwera pa waya wa zovala nthawi yomweyomweyo m'mawa uliwonse. Nyumba ino ndakhalamo zaka 20, kaya makolo ake ankabweranso, ine sindinaonepo, nthawi imeneyo ndinkakhala ndikusaka makiyi. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ine ndinkaphunzitsa mwambiwu m'kalasi ndikuyang'ana wotchi.

Wosanyengerera
Chabwino, mwandilemetsa, ndinene changa chimodzi koma musachite phwando. Mdzukulu wanga wa zaka 6 amabwera kuno akaweruka chifukwa makolo ake ali kuntchito. Mwezi watha anawerenga chiganizo chathunthu koyamba, ali pamwendo panga, ndipo chimene anawerenga ndi kalata yochokera ku ofesi ya penshoni ija, yonena kuti nkhani yanga ikuunikidwa. Anawerenga bwinobwino mpaka ikuunikidwa, n'kundifunsa kuti agogo akuunika ndi tochi? Ana anga omwe sindikudziwa tsiku limene anayamba kuwerenga, ndinali kuntchito. Basi ndi chimenecho. Koma mkwiyo wanga uli pomwepo, mawa 7 koloko ndili pakhomo pawo ndi makope awiri ndi kabuku.

Kalaliki_Wadzulo
Musaiwale cholembera chanu, chawo chimakhala chosalemba. Ndipo akakuuzani kuti wosayina kulibe, funsani amene akugwirizira udindo wake, nthawi zonse amakhalapo. Mukabwerako mutiuze, ndili ndi mfundo zina zitatu zimene ndikufuna ndikufotokozereni mwadongosolo, yoyamba ndi yokhudza

NyumbaNdiYanga
Bambo, ikani foni pansi mukaanule zovala, mvula ikubwera.